Mayi Pyeon Anakana Kudinda

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, nkhani iliyonse yotuluka m'magazini ya bungwe la akatswiri a zamoyo za m'mitsinje, mumzinda wa Daejeon, inkayamba yadutsa pa tebulo la Mayi Pyeon Gye-suk. Iwo sanali pulofesa, ngakhale digiri yachiwiri analibe. Dzina lawo linkalembedwa pa tsamba lomaliza, m'munsi mwenimweni, moyandikana ndi adiresi ya osindikiza. Koma osindikizawo sankayatsa makina asanaone chidindo chawo chofiira pa pepala loyamba, ndipo aliyense m'bungwemo ankadziwa zimenezo.

Anabadwira ku Okcheon mu 1961. Mayi awo ankagulitsa supu wa nkhono za mumtsinje pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo ntchito yotulutsa nkhonozo m'zigoba ndi singano inali ya ana aakazi awiri, Gye-ok wamkulu ndi Gye-suk wamng'ono. Gye-ok anali wachangu, beseni lake silinkachedwa kudzaza. Gye-suk ankatsalira chifukwa ankasanja zigoba pakhonde, zosalala pazokha, zamizere pazokha, mpaka mayi ake ankachita kumuopseza ndi chipande. Kusukulu zinamuyendera, anapita ku yunivesite kukaphunzira sayansi ya zamoyo. Bambo ake atadwala nkufa ziwalo mbali imodzi, anataya zopitiriza maphunziro nayamba ntchito mulaibulale. Kumeneko ndi komwe mkonzi wa magazini ija anamupeza mu 1985. Mkonziyo anaiwala nkhani yake pa tebulo, ndipo pomwe ankabwerera kudzaitenga anaipeza itafiira ndi pensulo. Anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera kudzamulemba ntchito.

Malamulo a Mayi Pyeon sanali ambiri, ankakwana pa pepala limodzi. Dzina la chamoyo lilembedwe m'zilembo zopendekeka, liwu loyamba liyambe ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono. Koyamba ulilembe lonse, ngati ndi la nkhono ulembe Semisulcospira mpaka kumapeto kwake, pambuyo pake ukhoza kufupikitsa. Zomwe unapeza mumtsinje uzinene ngati zinthu zomwe zinachitika tsiku lakuti, osalemba kuti nkhono zimatero pomwe iwe unaona makumi atatu zokha. Nambala isayende yokha popanda muyeso wake. Ukatchula ntchito ya munthu m'kati mwa nkhani, uike dzina ndi chaka, ndipo dzinalo likapezekenso pa mndandanda wa magwero kumapeto. Lamulo lomwe linkawadanitsa ndi anthu linali lapansi penipeni: buku lomwe sunalitsegule usalitchule.

Akatswiri ankaganiza kuti zimenezo ndi zongoopseza, kufikira atazindikira kuti mayiwa ankatsegula okha buku lililonse la pa mndandanda.

"Aphunzitsi a Pyeon, pepala lonseli mwafiiritsa chifukwa cha mpatuliro umodzi?" anadandaula tsiku lina dokotala wina wa maphunziro, bambo wa imvi zake. Anthu onse ankawatcha Aphunzitsi, ngakhale sanaimepo kutsogolo kwa kalasi.

"Mpatuliro ndakukhululukirani kale. Ndikunena nkhani iyi ya 1964. Munaiwerenga?"

"Aliyense amaitchula imeneyo."

"Aliyenseyo sanabwere muno. Mwabwera ndinu."

"Ndinaona chidule chake."

"Mwalemba kuti ikunena za nkhono. Ikunena za nkhanu. Ili pa shelufu yachitatu kuchokera pa windo, pitani mukaonane nayo, ndi zaka zambiri mukungoitumira moni."

Bamboyo anatuluka akung'ung'udza, koma anakaitsegula, ndipo chaka chotsatira ankatumiza ophunzira ake kwa mayiwa asanamuonetse iye kanthu.

Mu 2012, kumayambiriro kwa chilimwe, kunafika nkhani ya Pulofesa Eom Tae-ryong. Ameneyu anali wapampando wa bungwe lonselo, munthu wa mawu ofatsa amene anthu ankamuweramira kwambiri kuposa mmene iye ankawabwezera. Chinali chaka chake chomaliza asanapume pa ntchito. Nkhani yake inkati gulu lake lapeza mtundu wina wa nkhono za zigoba zosalala m'kamtsinje kena kothira mumtsinje wa Geum, ndipo mawu akuti "kwa nthawi yoyamba" anali pa mutu, m'chidule, ndiponso kawiri m'kati. Akatswiri awiri ounika anali ataivomereza kale. Kunangotsala chidindo.

Mayi Pyeon anayamba monga mwa masiku onse. Magwero analipo makumi atatu ndi limodzi, ndipo anawatsata limodzi ndi limodzi. Gwero lachisanu ndi chinayi linali lipoti lakale la kauniuni wa mitsinje ya m'chigawocho. Atafika pa tsamba 41 anaona mawu am'munsi, timalemba tating'ono tomwe anachita kuchotsa magalasi kuti atiwerenge. Timalembato tinkati nkhono za zigoba zosalala zinalembedwapo kale m'kamtsinje komweko ndi Sa Yeong-bok, mu 1978, m'buku la kafukufuku wa aphunzitsi a m'chigawo.

Dzinalo sanalimvepo. Analifufuza pa kompyuta, silinatuluke. M'mawa mwake anakwera basi yopita ku Cheongju, nakakhala maola atatu m'chipinda chapansi cha laibulale ya za maphunziro, mtsikana wa pa kauntala akuwatulutsira makatoni afumbi. M'katoni yachinayi analipeza. Linali buku losindikizidwa pa makina opukusa pamanja, mapepala atasanduka achikasu. Sa Yeong-bok anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yakumudzi. Analemba masamba khumi ndi anayi, tsiku lililonse lomwe anapita kumtsinje, malo asanu ndi awiri omwe anatolapo nkhono, kutalika kwa zigoba mazana awiri, ndi zithunzi zojambula pamanja zomwe zinali zabwino kuposa za kamera za apulofesa. Mayi Pyeon anayang'ana chithunzi chimodzi nthawi yaitali. Chigoba chimenecho ankachidziwa ndi zala zawo.

Atabwerera analemba ndi pensulo m'mbali mwa mutu wa nkhani ija: "Osati koyamba. Onani Sa (1978), masamba 112 mpaka 125. Ndaphatikiza." Anatumiza ku ofesi ya apulofesa.

Patapita masiku awiri Pulofesa Eom anabwera yekha, chinthu chomwe sanachitepo. Anabwera ndi bokosi la mapeyala. Mayi Pyeon anaimirira, anawerama, anamuthirira tiyi wa balere.

"Aphunzitsi a Pyeon, khama lanu limatichititsa manyazi tonse," anayamba motero. "Mpaka ku Cheongju, m'kutentha konseku."

"Basi yake ili ndi mpweya wozizira, Apulofesa."

"Kabuku kameneka ndakaona. Ndi ntchito yabwino ya mphunzitsi wakumudzi. Koma si sayansi. Palibe katswiri anakaunika. Kanalembedwa kuti munthu akwezedwe pa ntchito."

"Kali ndi tsiku, malo, miyeso ndi zithunzi. Kali ndi chaka ndi manambala a masamba. Kali mulaibulale ya boma, aliyense akhoza kukapempha. Chikusowa ndi chiyani?"

"Mwina nkhono zake zinali za mtundu wina."

"Ndiye mulembe choncho. Mulembe kuti Sa, mu 1978, ananena zakuti, ife tikuona kuti analakwitsa pa chifukwa chakuti. Chiganizo chimodzi. Ndikudindirani lero lomwe."

Apulofesa anamwa tiyi, nayang'ana kunja. "Ndikalemba choncho, ounika afunsa chifukwa chake."

"Afunsadi."

"Mukudziwa kuti ophunzira anga awiri akudalira nkhani imeneyi kuti amalize?"

"Amaliza. Ntchito yawo yopima chibadwa cha nkhonozi ndi yatsopano, munthu wa 1978 sakanaichita. Mungochotsa mawu atatu aja ndi kuwonjezera mzere umodzi kumapeto. Nkhaniyo siichepa."

"Ichepa," anatero apulofesa, mawu ali pansi. Kenako anafunsa, "Mwakhala nafe zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

"Ndipo chaka chilichonse timasainirana mgwirizano watsopano, eti?"

"Chaka chilichonse, mu Disembala. Koma ndili ndi funso langa, Apulofesa. Lipoti lomwe mwalitchula lija, tsamba 41 munaliwerenga? Ngati simunaliwerenge, mwatchula buku lomwe simunalitsegule. Ngati munaliwerenga, ndiye munamuona bamboyu nkumulambalala. Ndikufuna ndidziwe chomwe ndikukonza."

Apulofesa anakankhira kapu ya tiyi pambali. Anaimirira, anamanga batani la jekete, natuluka. Mapeyala anatsala pa tebulo, ndipo mayiwo anakawapereka kwa mlonda wa pageti.

Sabata yotsatira mkonzi wamkulu, yemwe anali wophunzira wa apulofesa kalekale, anawaimbira foni. Anayankhula zozungulira kwa mphindi khumi, kenako anati magazini yachedwa, adinde basi, zina zonse akambirana pambuyo.

"Chidindo chili m'chikwama mwanga," anatero Mayi Pyeon. "Chili ndi dzina langa, osati la bungwe. Ngati mukufuna kusindikiza popanda icho, auzeni osindikiza nokha, polemba, musayine."

Mkonziyo sanafune kusayina chilichonse. Nkhani inapita ku komiti.

Loweruka la sabata imeneyo anapita ku Okcheon kwa mkulu wawo Gye-ok, yemwe anatenga malo odyera a mayi awo. Anamupeza akudula anyezi wamasamba, nthunzi ili tolotolo m'khitchini. Anamufotokozera zonse ataimirira pakhomo.

"Ndiye ukufuna kuchotsedwa ntchito chifukwa cha nkhono?" anafunsa Gye-ok, osasiya mpeni. "Nkhono zomwezi ndikuphika apazi?"

"Chifukwa cha munthu, achemwali."

"Munthu wake ukumudziwa? Anakupatsapo moni? Mwina anafa kale."

"Akhale anafa. Analemba."

"Iwe chiyambire uli mwana ndiwe wovuta. Mwamuna unamuthawitsa chifukwa chomukonzera kalata yachikondi."

"Analemba dzina langa molakwika."

"Chilembo chimodzi."

"M'kalembedwe ka kwathu kuno dzina langa lili ndi zilembo zitatu. Chimodzi ndi chambiri."

Gye-ok anaseka mpaka anapukuta maso ndi epuloni. Anawathirira supu m'mbale, naika mpunga ndi kabichi wowawasa wa kimchi pambali. "Idya. Akakuchotsa ubwere uzidzatulutsa nkhono, singano yako ndinaisunga. Koma zosanja zigoba pakhonde panga ayi."

Komiti inakumana m'chipinda cha pamwamba, amuna asanu ndi awiri ndi mayi mmodzi. Mayi Pyeon anaitanidwa kuti adzayankhe mafunso okha, koma analowa ndi mafotokope asanu ndi atatu a nkhani ya Sa, naika imodzi patsogolo pa aliyense, apulofesa omwe. Wina anati ntchito ya wokonza zolemba ndi mipatuliro ndi mipumiro, zasayansi azisiyira asayansi.

"Zasayansi sindinazikhudze," anayankha. "Mawu akuti 'koyamba' si a sayansi, ndi a kalendala. 1978 imayamba, 2012 imabwera pambuyo. Ngati pali wotsutsa zimenezo anene."

Palibe anatsutsa, koma palibenso anawaikira kumbuyo. Ena ankatembenuza masamba achikasu aja mwachidwi, osakweza mitu. Mayi mmodzi uja anati zithunzizo ndi zokongola, kenako anakhala chete ngati wanena zotukwana. Pomaliza Pulofesa Eom ananena mofatsa kuti sakufuna kugawanitsa bungwe, nkhani yake akuichotsa yekha. Anthu anapumira m'mwamba. Patapita miyezi inayi nkhaniyo inatuluka m'magazini ina ya kunja, mawu atatu aja ali pa mutu monga analili. Mu Disembala Mayi Pyeon analandira kalata yowathokoza chifukwa cha zaka zawo zonse, yonena kuti bungwe layamba kugwiritsa ntchito kampani yokonza zolemba pa intaneti. Anaiwerenga, anakonza pomwe chaka chawo choyambira ntchito chinalakwika, naibweza ku ofesi kuti ailembenso.

Kulira analira, ali okha m'basi, ndipo zinawakwiyitsa kuti alira. Sabata ziwiri sanatuluke m'nyumba. Sabata yachitatu anayamba kuimba mafoni ku masukulu a m'chigawo kufunsa za Sa Yeong-bok. Pa sukulu yachisanu, mlembi wina anati bamboyo ali moyo, amakhala ndi mwana wake wamkazi ku Yeongdong.

Anamupeza atakhala pansi pofunda, miyendo ili m'bulangete, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, yogontha khutu limodzi. Mayi Pyeon anagwada, anapereka moni, natulutsa fotokope ija. Anafotokoza zonse mokweza mawu, akuyembekeza kuti mkuluyo akwiya kapena agwetsa misozi. Iye anangovala magalasi, natsegula molunjika pa tsamba 119.

"Apa pali cholakwika," anatero, chala chili pa mzere wachitatu wa tebulo la miyeso. "Ndinalemba 23.4. Inayenera kukhala 24.3. Mnzanga wotayipa anatembenuza. Ndinaona buku litatuluka kale."

"Aphunzitsi, ndikunena kuti munthu wina watenga ulemu wanu."

"Ndamva, khutu ili limagwira. Ulemu ndiutani pa msinkhu uno? Koma nambala iyi yandisowetsa mtendere zaka makumi atatu ndi zinayi. Inu mumakonza zolemba. Ingakonzeke?"

Mayi Pyeon anayang'ana nambalayo. Kenako anafunsa ngati zigoba zija zilipo. Mkuluyo anaitana mwana wake, ndipo mwanayo, akudandaula kuti wakhala akufuna kuzitaya chiyambire, anatulutsa zitini zisanu za masikono kuchokera pamwamba pa kabati. M'zitinimo munali timaenvulopu, kalikonse kali ndi tsiku ndi malo, inki yake isanafufutike.

Nyengo yonse yozizira Mayi Pyeon ankapita ku Yeongdong kawiri pa sabata. Anabwereka choyezera, nayezanso zigoba zonse mazana awiri, mkuluyo akuwerenga manambala akale mokweza ndi kuwatsutsa akachedwa. Analemba nkhani ya masamba atatu. Mutu wake unali wouma ngati chikuni: zolemba za 1978 za nkhono za m'kamtsinje kakuti, kuunikanso zigoba ndi kukonza muyeso umodzi. Munalibe mawu onyoza aliyense. Nkhani ya Pulofesa Eom anaitchula bwinobwino, dzina, chaka, masamba, nanena kuti zomwe gulu lake linapeza zikugwirizana ndi zomwe Sa anapeza kale. Pa olemba, dzina la mkuluyo linali patsogolo, lawo pambuyo. Zigobazo anakazipereka ku nyumba ina yosungira zamoyo zakale, zinapatsidwa manambala, ndipo manambalawo anawaika m'nkhani kuti wokayika akazione yekha.

Magazini yoyamba inaikana tsiku lomwelo, popanda chifukwa. Yachiwiri inati ndi nkhani ya m'dera, ilibe phindu kwa owerenga ake. Anaitumiza kwachitatu, ku magazini yaing'ono ya za nkhono ku Busan. Kumeneko anaiunika, naibweza ndi ndemanga zisanu ndi imodzi. Ndemanga yomaliza inkati pa mndandanda wa magwero, gwero lachinayi, nambala ya voliyumu yasowa.

Mayi Pyeon anayang'ana, napeza kuti ndi zoona. Anaimbira Gye-ok.

"Andipeza ndi cholakwika, achemwali."

"Ndani ameneyo? Ndimutumizire supu."

Nkhaniyo inatuluka mu Seputembala 2013. Anapita nayo ku Yeongdong, ndipo mkulu uja anatsegula pa tebulo la miyeso, anaona 24.3, anagwedeza mutu, nauza mwana wake kuti awaphikire alendo zakudya zabwino. Mkuluyo anamwalira chaka chotsatira. Pulofesa Eom sanayankhepo kanthu poyera, ndipo nkhani yake ikadali momwe inalili, palibe anaichotsa kapena kuikonza. Koma olemba za nkhono za mumtsinje wa Geum anayamba kutchula zonse ziwiri, ndipo poti magwero otere amasanjidwa motsata zaka, Sa amakhala patsogolo.

Ku bungwe kuja sanawaitanenso. Anachita lendi kachipinda pamwamba pa sitolo ya mankhwala, pafupi ndi geti lakumbuyo la yunivesite, naika tebulo, mipando iwiri ndi ketulo. Sanakhome chikwangwani. Anthu olemba madigiri anayamba kubwera okha, wina kuuza mnzake, ena mwa iwo ochokera m'labu ya omwe anawachotsa ntchito. Amenewo ankapempha kuti zisamveke, ndipo mayiwo ankati alibe nthawi yofalitsa mbiri ya anthu osadziwa kulemba dzina la chule.

Masiku ano ambiri amabwera ndi mndandanda wa magwero wopangidwa ndi kompyuta, wosalala bwino, mpatuliro uliwonse pamalo pake. Mwezi wathawu mayi wina wa ana awiri, wofufuza za ndere za m'madamu, anabweretsa wotere wa magwero makumi asanu ndi limodzi. Mayi Pyeon anausunga masiku anayi. Pobweza anali atazunguliza atatu ndi pensulo.

"Awa kulibe," anatero. "Olembawo alipo, magaziniyo ilipo, koma nkhani zimenezi sizinalembedwepo. Ndafufuza voliyumu ndi voliyumu."

Mayiyo anagwira pakamwa. "Ndinafunsa pulogalamu ya pa kompyuta kuti indipezere. Ndimaliza bwanji, Aphunzitsi? Kwatsala sabata zitatu."

"Sabata zitatu ndi masiku makumi awiri ndi limodzi. Magwero enawa muziwerenga atatu pa tsiku, omwe simuwapeza muwachotse pamodzi ndi ziganizo zomwe zatsamira pa iwo. Nkhani ikachepa, ichepe. Ana mukawasiye kwa apongozi."

"Apongozi anga ndi ovuta."

"Kuposa ine?"

Mayiyo anaganiza pang'ono, nati ayi. Anatenga mapepala ake, anawerama, natsika masitepe. Mayi Pyeon, omwe tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi ndipo bondo lakumanzere limawavuta, anadikira kuti phazi lake lisiye kumveka, nakoka nkhani yotsatira pa mulu. Inali ya achule a m'minda ya mpunga, masamba makumi asanu ndi anayi, ndipo mwini wake ankabwera Lachinayi.